Foni za pa intaneti zikamavuta pakati pa maofesi: seva, rauta ndi firewall

Dandaulo la maofesi okhala ndi seva ya mafoni a pa intaneti silisintha. M'kati mwa ofesi ya ku Chipata mafoni akuimbirana bwinobwino, koma mukangolumikiza seva yanu ndi ya nthambi ya ku Petauke, ku Katete kapena ku Lundazi, zovuta zayamba. Foni ikulira koma mawu kulibe, kapena akumva ndi wa mbali imodzi yekha, kapena foni ikuduka anthu asanamalize ndi malonje omwe. Ambiri amathamangira kufufuta seva n'kuiikanso, chonsecho seva ilibe mlandu. Nthawi zambiri chovuta chili pa rauta ndi firewall (mlonda wosankha zololedwa kulowa ndi kutuluka pa netiweki) zimene zili pakati.

Malangizowa alembedwa poganizira Asterisk, pulogalamu yoyendetsa mafoni pa seva, ndi FreePBX, tsamba loiyendetsera, ndipo mayina a makonzedwe ndi a PJSIP, gawo la Asterisk lolumikiza mafoni, popeza chan_sip yakale ija inachotsedwa kuyambira pa Asterisk 21. Amene muli ndi 3CX, Yeastar kapena Grandstream mupeza mayina ena, koma matenda ake ndi omwewa.

## Ziwiri zoti mumvetse musanakhudze chilichonse

Choyamba, foni imodzi imayenda m'njira ziwiri. Kuliza belu, kuyankha ndi kudula ndi ntchito ya SIP, imene imadutsa pa port (khomo la nambala pa seva) 5060, kapena 5061 ngati mwaika TLS yobisa uthenga. Mawu enieniwo amadutsa kwina, pa RTP, ndipo Asterisk imawasankhira port ya UDP pakati pa 10000 ndi 20000. Ndiye foni kulira sikutanthauza kuti njira ya mawu ndi yotsegula.

Chachiwiri ndi NAT. Seva yanu ili ndi adiresi ya m'kati, monga 192.168.1.10, imene kunja sikudziwika. Rauta imasintha adiresiyo pa paketi iliyonse yotuluka n'kuikapo ya panja. Koma SIP imalembanso adiresi m'kati mwa uthenga, pamene imauza seva inayo kotumiza mawu. Zili ngati kalata imene pa envelopu palembedwa bokosi la positi lolondola, koma m'katimo wolemba wati yankho libwere ku "chipinda chachitatu" osatchula nyumba kapena tauni. Wolandira amatsata za m'kati, ndipo yankho limasochera.

## Yambani ndi ichi: kodi muli ndi adiresi ya panja?

Lowani mu rauta muone adiresi ya WAN, mbali yoyang'ana ku intaneti. Kenako pa seva lembani `curl ifconfig.me` muone adiresi imene dziko likukuonani nayo.

- Zikafanana, muli ndi adiresi ya panja, ndipo kutsegula ma port kugwira ntchito.
- Ya WAN ikayamba ndi 192.168, pali rauta ina patsogolo pa yanu. Kawirikawiri ndi kabokosi ka kampani ya intaneti. Kaikeni pa bridge kuti kazingodutsitsa intaneti ku rauta yanu, apo ayi ma port muwatsegule pa marauta onse awiri.
- Ikakhala pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, kapena ikayamba ndi 10 pa rauta ya SIM khadi, muli kuseri kwa CGNAT. Adiresi imodzi ya panja mukugawana ndi makasitomala ena ambiri, ndipo rauta yosinthayo ili kwa kampani, si yanu.

Mfundo yomalizayi ndiyo imataitsa anthu masiku. Marauta a 4G, amene nthambi zambiri za m'maboma zimadalira, nthawi zambiri amakhala pa CGNAT, chimodzimodzinso Starlink ya phukusi wamba. Pamenepo ngakhale mutsegule ma port onse, palibe cholowa kuchokera kunja. Pitani molunjika ku gawo la VPN (njira yobisika yolumikiza maofesi kudzera pa intaneti) m'munsimu, kapena funsani kampaniyo mtengo wa adiresi ya panja yosasintha.

Ikaninso `sngrep` pa seva. Kapulogalamu aka kamaonetsa mauthenga onse a SIP ndi mivi yosonyeza kumene achokera ndi kumene apita, ndipo pafupifupi kuyeza konse kwa m'munsimu kukudalira iko.

## Chizindikiro 1: Foni ikulira, koma mawu akumveka mbali imodzi kapena kulibiretu

Dziwani kaye amene sakumva. Ngati wa ku Chipata sakumva, ndiye kuti mawu olowa ku Chipata ndiwo akutsekeredwa, ndipo muyambe kufufuza konko. Imbaninso *43 pa FreePBX, nambala imene imakubwezerani mawu anu omwe. Ikagwira kuchokera m'kati koma n'kulephera kuchokera ku nthambi, foni ndi seva zili bwino.

Seva ikulengeza adiresi ya m'kati. Ichi ndicho chofala kuposa zonse. Mu `sngrep` tsegulani INVITE (uthenga woyambitsa foni) kapena 200 OK (uthenga woyankha) yopita kunja, mufune mzere woyamba ndi `c=IN IP4`. Mukaona 192.168 pamenepo, mwachipeza. Pa FreePBX pitani ku Settings, Asterisk SIP Settings, mudzaze External Address ndi Local Networks. Pa Asterisk yopanda FreePBX, mu gawo la transport la pjsip.conf muike:

- `external_signaling_address` ndi `external_media_address`, zonse ziwiri adiresi yanu ya panja
- `local_net`, mzere umodzi pa netiweki iliyonse ya m'kati

Zosintha za transport sizigwira ndi reload chabe. Yambitsaninso Asterisk, pa FreePBX ndi `fwconsole restart`, ndipo chitani izi anthu ataweruka chifukwa foni zonse zimene zili pa mzere zimaduka.

Ma port a RTP sanatsegulidwe, kapena sakugwirizana. Anthu amatsegula 5060 n'kuiwala za mawu. Ena amatsegula koma asankha TCP m'malo mwa UDP. Onani `rtpstart` ndi `rtpend` mu rtp.conf, ndipo manambala omwewo akhale pa rauta, olozera ku adiresi ya seva. Palibe chifukwa chotsegulira ma port 10000 onse pa ofesi ya anthu makumi awiri. Foni iliyonse yodutsa pa seva imadya ma port anayi okha, choncho 10000 mpaka 10200 ndi okwana. Chachikulu n'chakuti mukachepetsa pa rauta muchepetsenso mu rtp.conf. Mukapanda kutero foni zina zizimveka, zina ayi, malinga ndi port imene Asterisk yatola, ndipo vuto la "nthawi zina" ndilo lovuta kulisaka.

SIP ALG ya pa rauta. Marauta ambiri amabwera ndi kanthu aka kali koyatsa. Cholinga chake n'kukonza adiresi ya m'kati mwa uthenga ija, koma kamakonza mwatheka, ndipo seva ikakhala kuti yaika kale adiresi yolondola, iko kamaononga. Zimitsani mbali zonse ziwiri. Pa MikroTik lembani `/ip firewall service-port disable sip`. Pa TP-Link zambiri kali pansi pa NAT Forwarding, pa ALG. Mukazimitsa, zimitsaninso rauta n'kuiyatsa kuti iiwale zakale. Pali marauta ena a kampani amene alibe pozimitsira. Zikatero sunthani SIP kuchoka pa 5060 kupita pa port ina, monga 5080, kapena gwiritsani TLS, poti rauta singasinthe uthenga umene siutha kuwerenga.

Seva yadzichotsa pakati. Asterisk imatha kuuza mafoni awiri kuti azitumizirana mawu okha. M'nyumba imodzi zili bwino, koma foni ya ku Katete singapeze foni ya ku Chipata pa adiresi ya m'kati. Chizindikiro chake, mawu amamveka sekondi imodzi kapena ziwiri kenako zii. Ikani `direct_media=no` pa trunk (laini yolumikiza seva yanu ndi seva ina kapena ndi kampani ya mafoni) ndi pa mafoni onse a kunja. Pamodzi ndi izi ikani `rtp_symmetric=yes`, `force_rport=yes` ndi `rewrite_contact=yes`, zimene zimauza seva kuti iyankhe kumene paketi yachokeradi, osati kumene uthenga ukunena.

Rauta ikusintha port yotulukira. pfSense ndi OPNsense zimachita izi mwachibadwa. Pangani lamulo la Outbound NAT la seva yokha ndipo chongani Static Port.

Zonsezi zikalephera, lembani `rtp set debug on` mu Asterisk, muimbe foni imodzi. Muyenera kuona mizere ya Sent ndi ya Got ikusinthana. Sent yokhayokha ikutanthauza kuti mawu a mbali inayo sakufika n'komwe pa seva. Musaiwale `rtp set debug off`, chifukwa foni imodzi imatulutsa mapaketi 50 pa sekondi mbali iliyonse.

## Chizindikiro 2: Foni ikuduka pakatha masekondi pafupifupi 30

Tengani wotchi muwerenge, chifukwa nambala yake ikuuzani zambiri.

- Masekondi 32, mawu akumveka bwino mpaka kuduka. Woyankha watumiza 200 OK koma ACK yotsimikiza siinamufike. Malamulo a SIP amati adikire theka la sekondi kuchulukitsa ka 64, ndiwo masekondi 32, kenako adule. Mu `sngrep` muona 200 OK ikubwerezedwabwerezedwa popanda ACK. Yang'anani mzere wa Contact mu 200 OK imeneyo. Mupezamo adiresi ya m'kati kapena adiresi ya panja yakale. Mankhwala ake ndi a chizindikiro 1: External Address, Local Networks, ndi kuzimitsa SIP ALG.
- Masekondi 30, ndipo mbali imodzi sinali kumva. Iyi ndi RTP Timeout. FreePBX imadula foni ikaona kuti kwa masekondi 30 sikunabwere mawu. Musakweze nambalayo. Konzani njira ya mawu.
- Netiweki ya VPN sinalembedwe mu Local Networks. Seva ikuona nthambi ngati ya kunja, ndiye ikuipatsa adiresi ya panja pamene uthenga wadzera mu VPN. Izi zimachitika kwambiri tsiku limene VPN yangoikidwa kumene.

## Chizindikiro 3: Seva ziwiri sizikuonana

Lembani `pjsip show contacts` ndi `pjsip show registrations`. Mawu akuti Unavail kapena Rejected ali ndi zoyambitsa zosiyana, ndipo `sngrep` isiyanitsa.

Ngati uthenga ukutuluka koma palibe yankho lililonse:

1. Mbali inayo ili pa CGNAT kapena adiresi yake ya panja yasintha. Yerekezani adiresi imene ili mu trunk ndi imene `curl ifconfig.me` ikupereka kumeneko lero.
2. Port yalakwika. Pa FreePBX zina PJSIP imamvera pa 5160, makamaka zimene zinakwezedwa kuchoka pa zakale. `pjsip show transports` ikuuzani zoona.
3. Seva yasintha adiresi ya m'kati. Malaiti atabwerera rauta inagawa maadiresi mwatsopano, ndipo port 5060 tsopano ikulozera ku printa. Seva ikhale ndi adiresi yokhazikika, kunja kwa gulu la DHCP.
4. Firewall ya pa seva yeniyeniyo, kapena fail2ban, pulogalamu yotsekera olakwitsa pasiwedi, yatsekera nthambi yanu. Foni imodzi yokhala ndi pasiwedi yolakwika ndi yokwanira kutsekeretsa ofesi yonse, popeza onse amatuluka ndi adiresi imodzi. Onani ndi `fail2ban-client status`, ndipo maadiresi a nthambi muwaike pa mndandanda wa odalirika.

Kuti mudziwe ngati paketi ikufika, pa seva yolandira lembani `tcpdump -ni any udp port 5060`. Ngati palibe chikuoneka, vuto lili panjira. Ngati paketi ikuoneka koma Asterisk siikuyankha, lili pa seva.

Ngati yankho likubwera, liwerengeni:

- 401 kapena 407 kamodzi si vuto, ndi seva kufunsa pasiwedi. Ikamabwerezabwereza, dzina kapena pasiwedi yalakwika.
- 403, seva yakukanani. Onani pasiwedi ndi maadiresi ololedwa. Pa trunk yozindikirana ndi adiresi, onani `match` mu gawo la identify.
- 404, foni yafika koma nambala siikupezeka. Nthawi zambiri ndi context (gulu la malamulo olozera kumene foni ipite) yolakwika, kapena manambala a maofesi akuwombana. Gawani bwino: Chipata 1xx, Petauke 2xx, Lundazi 3xx.
- 488, seva ziwiri zilibe codec (njira yosinthira mawu kukhala deta) yofanana. Lolani alaw mbali zonse.

## Chizindikiro 4: Kuimba kukutheka, koma foni zolowa sizifika, kapena zimafika nthawi zina

Rauta yaiwala njira. UDP ilibe chosonyeza kuti kukambirana kukupitirira, ndiye rauta imasunga njira yobwerera kwa kanthawi, kuyambira masekondi 30 mpaka mphindi zitatu malinga ndi mtundu wake, kenako n'kuitseka. Foni ikamalembetsa ku seva kamodzi pa ola, nthawi yonse yotsalayo siipezeka. Yesani motere: yatsani foni, muiimbire pompo, kenako muiimbirenso pakatha mphindi zisanu. Yoyamba ikalowa yachiwiri n'kukanika, ndi ichi. Ikani `qualify_frequency=25` kuti seva izifunsa foni ngati ilipo pa masekondi 25 aliwonse, yatsani NAT keepalive pa foni, ndipo nthawi yolembetsa itsike kufika masekondi 120. Kusamutsira foniyo pa TCP kapena TLS kumathandizanso, poti marauta amasunga njira za TCP nthawi yaitali.

Rauta yakumbukira njira yakufa. Ichi ndi chosemphana ndi chapamwambachi, ndipo chimabwera intaneti ikaduka n'kubwerera ndi adiresi ina, kapena rauta ikasamukira pa laini yachiwiri. Seva imapitiriza kutumiza mauthenga ake a qualify, ndipo mauthengawo amasunga mzere wakale wa NAT uli wamoyo, wokhala ndi adiresi imene kulibenso. Intaneti yonse ikuyenda, trunk yokha ndiyo yagona. Pa MikroTik fufutani mizereyo ndi `/ip firewall connection remove [find where dst-address~":5060"]`. Pa Linux ndi `conntrack -D -p udp --dport 5060`. Ngati muli ndi malaini awiri, lamuloli liziyenda lokha nthawi iliyonse laini ikasintha.

Adiresi ya panja imasinthasintha. Gwiritsani dzina la DDNS, limene limatsatira adiresi ikasintha, m'malo mwa nambala. MikroTik ili nalo laulere pa IP Cloud. Koma Asterisk siifunsanso dzinalo yokha pokhapokha mutayatsa dnsmgr.

Malaiti. Kuyambira chilala cha 2024, pamene madzi a ku Kariba anatsika, maofesi ambiri anagula inivata ndi mabatire, koma ena analumikizako seva yokha. Rauta, switch ya PoE ndi kabokosi ka kampani ya intaneti zikhale pa batire limodzi ndi seva. Seva ikayamba kudzuka intaneti isanabwere, imalephera kupeza mayina a DNS ndipo trunk imatha kukhala chigonere mpaka wina aidzutse. Onaninso nthawi ndi lamulo la `date`. Makompyuta ang'onoang'ono opanda batire la wotchi, monga Raspberry Pi zambiri, amadzuka ndi tsiku lolakwika, ndipo TLS imakana satifiketi. NTP, yokonza wotchi, imafuna UDP 123 yotuluka.

## Chizindikiro 5: Foni ikuduka pa mphindi 15 kapena 30 ndendende

Awa ndi ma session timer. Mbali ziwiri zimagwirizana masekondi 1800, ndipo pa theka lake, mphindi 15, imodzi imatumiza re-INVITE kapena UPDATE yofunsa ngati inayo ikadalipo. Uthengawo ukasochera foni imaduka. Zoyambitsa zake ndi Contact yolakwika kapena rauta yoiwala njira, zimene tafotokoza kale. Kuika `timers=no` pa trunk kumaletsa kudukako, koma kumangobisa chovutacho, ndipo foni imene mbali ina yafa imatha kukhala yotsegula kwa nthawi yaitali. Ngati trunk yake ndi yolipira pa mphindi, muganize kawiri.

## Chizindikiro 6: Mawu akudukaduka, akuchedwa kapena akumveka ngati loboti

Apa firewall siikhudzidwa kwenikweni. Ndi laini. Nthawi imene vuto likuchitika, yendetsani `ping -c 200` kapena `mtr` kupita ku seva inayo. Malire ake ndi awa: mapaketi otayika asapose 1 pa 100, kusinthasintha kwa nthawi kusapose 30 ms, ndipo ulendo wa mbali imodzi usapose 150 ms, ndiye kuti 300 ms pa ping.

- Njira yotumizira yadzaza. Ichi chimaposa zonse. Makamera a CCTV, mafayilo opita ku Google Drive, mavidiyo a pa WhatsApp, zonse zimadzaza upload, imene pa malaini ambiri ndi yaing'ono. Umboni wake, amene akudandaula ndi a mbali inayo, inu mukumva bwino. Yezani upload yanu, muike malire pa rauta pa 85 kapena 90 pa 100 ya nambalayo, ndipo mapaketi a seva akhale patsogolo. RouterOS 7 ili ndi CAKE ndi fq_codel zochitira zimenezi. Chidindo cha DSCP 46 chimathandiza m'nyumba mwanu mokha, musayembekeze kuti intaneti ya kunja ichilemekeza.
- Codec yolemera pa laini yofooka. G.711 imadya pafupifupi 80 kbps mbali iliyonse, pafupifupi 1.2 MB pa mphindi mukaphatikiza mbali zonse. G.729 imadya 24 kbps, yosakwana 0.4 MB pa mphindi. Pa nthambi yoyendera ma bundle kusiyanaku kumaoneka pa mapeto a mwezi. Mawu a G.729 ndi opyapyala pang'ono, ndipo seva imafunika module yake.
- Wi-Fi. Foni ya pa desiki ikhale pa chingwe.
- Netiweki ya 4G yodzaza madzulo. Ngati vuto limayamba nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndi mlongoti. Antena ya panja imathandiza pamene siginolo ndi yofooka, koma osati pamene anthu achuluka.
- VSAT, intaneti yakale ya pa setilaiti.  Ping yake imakhala cha m'ma 600 ms chifukwa cha kutalika kwa setilaiti, ndipo palibe makonzedwe amene angachotse kuchedwako.
- Chingwe kapena port yopsa. M'dzinja mphezi imaononga ma port a switch, makamaka a zingwe zodutsa panja pakati pa nyumba ziwiri. Onani ngati port yatsika pa 10 Mbps kapena ikuwerenga ma error.

## Tina ting'onoting'ono

- Mabatani sakugwira pa menyu ya "dinani 1": ikani `dtmf_mode=rfc4733` mbali zonse.
- Foni zina zimalowa, zina sizifika n'komwe, koma qualify ili bwino: INVITE yakula kuposa MTU (malire a kukula kwa paketi), yagawika, ndipo firewall yataya zidutswa. PPPoE imalola 1492, WireGuard 1420. Chepetsani ma codec akhale awiri kapena atatu, kapena trunk iyende pa TCP.
- Foni ya pa laputopu imagwira kunyumba koma ikakhala mu ofesi ayi: ikufuna seva pa adiresi ya panja ili m'kati. Konzani DNS ya m'kati kuti dzinalo lizipereka adiresi ya m'kati.

## Njira yochepetsa mavuto onsewa: VPN kapena IAX2

Pa maofesi a bungwe limodzi, kutsegula SIP ku intaneti ndi njira yovuta komanso yoopsa kuposa zonse. WireGuard, mtundu wa VPN, ikaikidwa pakati pa marauta awiri imachotsa NAT pakati pa seva, ndipo zizindikiro 1, 2 ndi 5 nthawi zambiri zimatha zokha. Imafuna port imodzi ya UDP, kawirikawiri 51820, ndipo mbali imodzi yokha ndiyo iyenera kukhala ndi adiresi ya panja. Nthambi za pa CGNAT ndizo zimayamba kulumikiza, ndipo muziikire `PersistentKeepalive = 25`. Ngati palibe ofesi yokhala ndi adiresi ya panja, chitani lendi ka VPS (seva ya pa intaneti) kakang'ono kuti onse azikumana pamenepo. Sankhani ka pafupi, monga ku Johannesburg, chifukwa ka ku Ulaya kamawonjezera kuchedwa popita ndi pobwera.

Zimene zimalakwika pa VPN:

- Maofesi onse awiri ali pa netiweki yofanana. MikroTik imabwera ndi 192.168.88.0, marauta ambiri a Huawei a 4G ndi 192.168.8.0, ena 192.168.1.0. Sinthani ofesi iliyonse ikhale ndi yake, monga 10.10.1.0 ku Chipata ndi 10.10.2.0 ku Petauke.
- `AllowedIPs` ili ndi adiresi ya tunnel yokha, netiweki ya nthambi mulibe.
- Lamulo la masquerade likugwiranso mapaketi a mu tunnel. Lichite pa WAN pokha.
- Netiweki za nthambi ndi ya tunnel sizinalembedwe mu Local Networks.

Ngati seva zonse ziwiri ndi Asterisk ndipo marauta sangathe VPN, IAX2, njira ina yolumikizira seva za Asterisk, ndi yabwino. Belu ndi mawu zimadutsa pa port imodzi, UDP 4569, ndipo SIP ALG siikhudzako. Seva ya pa CGNAT imalembetsa ku imene ili ndi adiresi ya panja, ndipo `qualify=yes` imasunga njira. Onani ndi `iax2 show peers`. Ikakana, yang'anani mu log mawu akuti call token, chifukwa seva zakale kwambiri sizigwirizana ndi zatsopano pa mfundo imeneyi. Port 4569 nayo muitsegulire maadiresi odziwika okha.

## Chizindikiro 7: Mafoni akulira okha usiku, kapena bilu yakwera mosadziwika

Foni yochokera ku 100 kapena 1000, mukayankha kuli zii, ndi mapulogalamu osakasaka ma port 5060 otsegula. Mu log amadzitchula mayina monga friendly-scanner. Akapeza pasiwedi yofooka amaimba manambala odula a kunja pa akaunti yanu, makamaka usiku ndi kumapeto kwa sabata pamene palibe woona.

- Seva musaiike pa DMZ, imene imaitsegulira ma port onse ku intaneti, ngakhale "poyesa chabe". DMZ yoyesera imaiwalika.
- Port 5060 ilole maadiresi a nthambi ndi a kampani ya trunk okha.
- Pa FreePBX, Allow Anonymous Inbound SIP Calls ndi Allow SIP Guests zikhale No.
- Pasiwedi ya extension (nambala ya foni ya mu ofesi) isakhale nambala yake yomwe. Zilembo 16 zosakaniza kapena kuposa.
- Tsekani manambala a kunja kwa dziko, oyamba ndi 00, kwa onse osafunikira, ndipo pemphani kampani ya trunk iike malire a ndalama.
- Tsamba loyendetsera seva lisaoneke pa intaneti. Lowerani kudzera pa VPN.
- Trunk ya nthambi ikakhala mu context ya from-internal imatha kuimba kunja pa laini yanu. Nthambi ikabedwa, inunso mwabedwa.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana katswiri

- Mwapeza foni zimene simunaimbe, kapena extension imene simunapange. Zimitsani trunk pompo, dziwitsani kampani yanu, ndipo musafufute log. Kusintha pasiwedi kokha sikokwanira ngati wakubayo analowa mu seva.
- `tcpdump` ikuonetsa paketi ikutuluka pa WAN yanu koma siikufika pa WAN ya mbali inayo. Vutolo lili kwa kampani ya intaneti. Apatseni fayilo ya pcap yosunga mapaketiwo, nthawi yeniyeni ndi maadiresi onse awiri.
- Firewall ikuyendetsedwa ndi likulu ku Lusaka kapena ndi kampani ina. Musaidutse ndi ka rauta ka 4G ka pambali. Atumizireni mndandanda wa ma port ndi maadiresi.
- Mukusintha firewall ya ku Lundazi muli ku Chipata ndipo kulibe munthu wodziwa kumeneko. Sungani backup kaye, ndipo pa MikroTik yatsani Safe Mode, imene imabweza zosintha mukaduka. Popanda izi dikirani tsiku limene wina apiteko.
- Ndi chipatala kapena malo ena amene amadalira foniyo pa ngozi. Pakhale foni ya m'manja yapadera, ndipo katswiri atsimikize kuti manambala a ngozi monga 991 akutulukira pa laini ya komweko.
- Zipangizo zikupsa mobwerezabwereza, kapena kabati ikugwira shoko. Iyi ndi ntchito ya wamagetsi, aone earth ndi zotchinga mphezi.
- Mukufuna kulumikiza nthambi ya tsidya lina la Mwami, monga ku Mchinji, kapena kuika GSM gateway ya ma SIM khadi. Kulowetsa foni za kunja kwa dziko mu netiweki za kuno popanda chilolezo kumaphwanya malamulo. Funsani mabungwe oyang'anira za mafoni, ZICTA kuno ku Zambia ndi MACRA ku Malawi, musanagule zipangizo.

Poitana katswiri mukonzeretu chithunzi cha mmene marauta alumikizirana, mtundu wa rauta iliyonse, adiresi ya WAN ya mbali zonse, zotuluka pa `pjsip show contacts`, ndi foni imodzi yolephera yosungidwa kuchokera mu `sngrep` podina F2. Mapasiwedi muwachotse mu mafayilo a makonzedwe musanawatumize.